Kodi kuwerengera ana nkhani m'kalasi n'kutaya nthawi?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa aphunzitsi, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi: mphunzitsi kutenga buku n'kumawerengera ana mokweza, iwo akumvetsera. Mafunso ena ndawafupikitsa, ndipo maina ndawasiya monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 1. Ana akangolowa kuchokera kokapuma ndimawawerengera nkhani. Tsiku lina ahedi anadutsa pawindo, ndipo titaweruka anandiitana n'kundiuza kuti ndikuchita masewera. Akuti ana akufunika maliwu ndi maphatikizo, osati nthano, chifukwa palibe mwana amene amadziwa kuwerenga pongomvetsera wina. Ndinasowa choyankha. Ndisiye kodi?
Mphunzitsi wa Sitandade 1

YANKHO: Musasiye, aphunzitsi. Koma musanabwerere ku ofesi mutakwinya nkhope, avomereni ahedi anu pa mfundo imodzi, chifukwa pamenepo sananame. Mwana sadziwa kuti m ndi a zikakumana zimati ma chifukwa chomvetsera nthano. Zimenezo zimafuna bolodi ndi choko, tsiku ndi tsiku, mwadongosolo. Pamene ahedi aphonya ndi poganiza kuti kuwerenga kumathera pomwepo.

Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anailongosola nkhaniyi mwamasamu. Anati kuti munthu amvetse zimene akuwerenga pamafunika zinthu ziwiri: kutha kutchula mawu olembedwa, ndi kumvetsa chiyankhulocho akamachimva ndi khutu. Ndipo ziwirizi sitiphatikiza ayi, timachulukitsa. Inu aphunzitsi mukudziwa chimene chimachitika nambala ukaichulukitsa ndi ziro. Mwana akhale katswiri wa maphatikizo chotani, ngati mawu amene akutchulawo sakuwadziwa, yankho ndi ziro basi.

Ana oterewa ndawaonapo ambiri, ndipo mukasuzumira ku Sitandade 3 kapena 4 muwapeza. Amaimirira buku lili m'manja, n'kuwerenga ndime yonse mosadodoma, anzawo n'kuwaombera m'manja. Ndiye mufunse kuti, "Nanga mnyamata uja anathawiranji?" Maso amapita kudenga. Ochenjera amabwerera msangamsanga pa tsamba n'kukuwerengeraninso chiganizo chomaliza, poganiza kuti yankho limabisala kumapeto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwanayo si mbuli, ndipo amene anamuphunzitsa maphatikizo anagwira ntchito yawo bwino lomwe. Chinasowa ndi mbali yachiwiri ija.

Mbali imeneyo imalowera kukhutu. Mwana wanu wa Sitandade 1 payekha angawerenge kuti "Galu wagona." Koma mwana yemweyo amatha kutsatira nkhani ya anthu atatu, wina akunamiza mnzake, wachitatu akudziwa zonse koma wangoti duu, ndipo amaseka pamalo oyenera kuseka. Khutu lake lili kutsogolo, diso likubwera m'mbuyo. Thomas Sticht ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti ana ambiri amamvetsa bwino pomvetsera kusiyana ndi powerenga okha mpaka atafika zaka pafupifupi 13. Tikati tidikire kuti mwana ayambe wadziwa kuwerenga ndiye akumane ndi nkhani zenizeni, ndiye kuti kwa zaka ziwiri zitatu mutu wake uzingolandira "Galu wagona."

Ahedi angakuuzeni kuti ana amamva kale chiyankhulo tsiku lonse, kunyumba, panjira ndi pamasewera. N'zoona. Koma chiyankhulo cha m'buku n'chosiyana ndi chapamacheza. Pocheza timaloza: "Tenga icho, ika apo." Wolemba sangaloze. Amayenera kutchula dzina la chinthucho, kunena pamene chili, n'kulumikiza ziganizo ndi mawu onga "ngakhale," "komabe," "n'chifukwa chake." Mu 1988 Donald Hayes ndi Margaret Ahrens anawerengetsa mawu osamvekamveka m'Chingerezi cholembedwa ndi choyankhulidwa. Pa mawu 1,000 alionse, mabuku a ana anali ndi mawu oterewa pafupifupi 31, pamene macheza a akuluakulu omaliza ku yunivesite anali ndi pafupifupi 17 okha. Ndiye kuti kabuku ka nkhani kaja kamene ahedi akukaona ngati kachibwana kangathe kukhala ndi mawu achilendo ambiri kuposa macheza a aphunzitsi pa nthawi yopuma.

Nanga mawuwo amalowadi? Warwick Elley anayesa zimenezi ku New Zealand, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1989. Ana a zaka 7 ndi 8 anawawerengera nkhani imodzi katatu. Pamene mphunzitsi ankangowerenga osatanthauzira kalikonse, ana anakwera ndi pafupifupi 15 peresenti pa mayeso a mawu atsopano a m'nkhanimo. Pamene ankaima pang'ono n'kulongosola mawuwo, anakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Atawayesanso patapita miyezi itatu, mawu aja anali akadalimo. Chimene ine chimandikhudza kwambiri pa kafukufuku ameneyu n'chakuti ana amene anayamba akudziwa mawu ochepa anapindula mosachepera anzawo.

Pamenepo m'pamene pagona nkhani kwa ine. M'kalasi mwanu muli ana ena amene kwawo kuli mabuku ndi munthu wowawerengera, muli enanso amene buku la nkhani analigwira koyamba tsiku limene munawapatsa inu. Keith Stanovich mu 1986 anasonyeza mmene kusiyana kumeneku kumakulira: wodziwa mawu ambiri amamvetsa, akamvetsa amakonda kuwerenga, akawerenga amadziwanso mawu ena, pamene mnzake akutsalira chaka ndi chaka. Anatchula zimenezi ndi dzina la Mateyu, potengera mawu aja onena kuti amene ali nazo adzamuwonjezera. Mukamawerenga mokweza, mwana wotsalirayo amamva mawu omwewo, nkhani yomweyo, pa mphindi yomweyo ndi mnzake wa mabuku uja, popanda womuuza kuti imirira uwerenge.

Tsopano za ahedi. Musakangane nawo. Nthawi ya maphatikizo musaikhudze, aone kuti ili pomwepo. Nthawi ya nkhani muilembe pa pulani yanu ngati phunziro lina lililonse: mphindi 10 kapena 15, mutu wa nkhani, mawu atatu amene mukufuna ana atole. Kenako muwaitane adzakhale kumbuyo tsiku limodzi, ndipo pomaliza afunse okha ana mafunso. Ngati ali okonda zolembalemba, auzeni kuti lipoti la akatswiri a ku America la mu 1985, Becoming a Nation of Readers, linaika kuwerengera ana mokweza patsogolo pa zochita zonse zokonzekeretsa mwana kudzakhoza kuwerenga. Kulinso tsiku lokumbukira zimenezi padziko lonse, limene bungwe la LitWorld linayambitsa mu 2010, koma limenelo musawauze msanga, angaganize kuti kamodzi pachaka n'kokwanira.

FUNSO: Kalasi langa ndi lalikulu kwambiri ndipo buku ndili nalo limodzi. Ndikayamba kuwerenga, akumbuyo amayamba phokoso, ena amakuwa kuti zithunzi sakuziona. Pomaliza mawu amandithera. Ndichite bwanji?
Wotopa ndi kukuwa

YANKHO: Ndiyambe ndi funso, musakhumudwe nalo: nkhaniyo mumakhala mutaiwerengapo musanalowe m'kalasi? Ana amazindikira msanga mphunzitsi amene akukumana ndi nkhani koyamba pamaso pawo. Maso ake sachoka pa tsamba, mawu ake amayenda mofanana ngati akuwerenga kaundula, ndipo akatembenuza tsamba amadabwa limodzi nawo. Muiwerenge dzulo lake, mokweza, muli nokha. Chongani ndi pensulo pamene mudzaime, pamene mudzatsitse mawu, ndi mawu amene mudzatanthauzire. Mukatero, m'kalasi maso anu azikhala pa ana nthawi zambiri, pa buku mwa apo ndi apo.

Kukuwa siyani. Phokoso la ana simungalipambane ndi mmero umodzi. Asendereni pafupi, akhale mozungulira inu, ndipo ovutitsa awiri atatu aja akhale pamapazi anu penipeni. Mukafika pamene nkhani yavuta, munthu wamva mapazi kunja kwa chitseko, tsitsani mawu mpaka kunong'ona, ndiye muime kaye. Mudzamva ana eniake akuuzana kuti, "Iwe, khala chete." Ntchito yoletsa phokoso yachoka kwa inu.

Za zithunzi, gwirizanani nawo poyamba: "Ndiwerenga kaye, kenako ndionetsa. Aliyense aona." Mukamaliza tsamba, kwezani buku n'kulitembenuza pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Musamayende uku mukuwerenga, chifukwa mawu amathawa amene mwawafulatira. Ngati muli ndi pepala lalikulu, jambulani apangankhani awiri n'kumata pa bolodi, ngakhale kujambula kwanu kukhale koseketsa. Ndipo si chithunzi chilichonse chofunika kuonetsa. Nthawi zina nenani kuti, "Tsinzinani, muone nyumba imeneyi m'mutu mwanu." Luso limenelo adzalifuna kutsogolo mabuku akadzasiya kukhala ndi zithunzi.

Yambani ndi mphindi 5. Kumvetsera nakonso kumachita kuphunziridwa, ndipo kumatalika pang'onopang'ono. Lekezani akadali ndi chidwi, makamaka pamene aliyense akufuna kudziwa chotsatira, n'kutseka buku. Adzadandaula, ndipo dandaulo limenelo ndi limene mukufuna. Mwana amene akusewera ndi chala pansi musafulumire kumukalipira, ambiri otero amakhala akumva zonse. Koma mukaona kuti kalasi lonse lazizira masiku awiri otsatizana, bukulo lisiyeni mutenge lina. Palibe lamulo lakuti nkhani yosakoma iyenera kumalizidwa.

FUNSO: Tinaphunzitsidwa kuti powerenga tizifunsa mafunso. Ine ndimafunsa pa tsamba lililonse kuti ndione ngati akutsatira. Koma ana anga akaona ndatenga buku amayamba kuyasamula. Ndikulakwitsa pati?
Mphunzitsi watsopano

YANKHO: Mwasandutsa nkhani kukhala mayeso, aphunzitsi, ndipo ana aona. Munthu wamkulu amene akumvetsera nkhani yokoma, wina n'kumamudula mphindi iliyonse kuti, "Dzina la galu uja ndani?" naye angayasamule.

Amene anakuphunzitsani sanalakwe. Mu 1988 Grover Whitehurst ndi anzake anaphunzitsa makolo a ana a zaka ziwiri kuti powerenga azifunsa mafunso ofuna mwana ayankhule, n'kumawonjezera pa zimene mwana wanena. Patangotha mwezi umodzi, ana amenewo ankayankhula bwino kuposa anzawo amene ankangowerengeredwa wamba. Koma onani kuti kumeneko kunali kholo limodzi ndi mwana mmodzi pamwendo, akucheza. Chofunika chinali mtundu wa funso ndi zimene wamkulu amachita ndi yankho, osati kuchuluka kwa mafunso.

M'kalasi, imani katatu kapena kanayi m'nkhani yonse. Musanatsegule, onetsani chikuto n'kufunsa kuti akuganiza kuti muli zotani. Pakati, pamene mpangankhani ayenera kusankha chochita, funsani kuti, "Achita chiyani tsopano? Mwadziwa bwanji?" Funso lachiwirilo ndi limene limagwira ntchito, chifukwa limabwezera mwana m'nkhani kukasaka umboni. Ndipo m'malo moloza mmodzi mwa atatu aja amene amakweza manja nthawi zonse, nenani kuti, "Uzani mnzanu wapafupi." Kwa masekondi 20 kalasi lonse liyankhula, ndi wamanyazi yemwe. Mwana akayankha kuti, "Anathawa," musangoti "Wakhoza." Onjezerani: "Eya, anathawa chifukwa anaopa kuti amayi ake aona mbale yosweka ija." Mwamupatsa chiganizo chathunthu popanda kumudzudzula.

Mawu achilendo musawatsegulire phunziro pakati pa nkhani. Tinene kuti pa tsamba palembedwa kuti mtsikana analowa monyang'ama. Werengani chiganizocho, ikani chala pakamwa, yendani mapazi awiri monyang'ama inuyo, nenani kuti "mwakachetechete, kuti asamumve," n'kupitiriza. Zatha. Mawa pa mzere wolowa m'kalasi muwauze kuti lero tilowa monyang'ama. Mudzaona mzere wonse ukuyendera zala zakumapazi, ena akudziletsa kuseka, ndipo mawu amenewo sadzawaiwalanso.

Chinthu chimodzi chimene ine sindigwirizana nacho, ngakhale ambiri amachikonda, ndi kumaliza nkhani iliyonse ndi funso lakuti, "Tikuphunzirapo chiyani?" Ana amaloweza mayankho ake msanga. Afunseni za nkhani iliyonse, adzakuuzani kuti tizimvera makolo. Afunseni m'malo mwake kuti ndi pati pamene anachita mantha, kapena kuti ndani amene anamumvera chisoni. Pamenepo mudzamva zochokera m'mutu mwawo.

FUNSO: Mwana wanga ali ku sukulu ya mkaka. Sabata yonse akubwera ndi nkhani imodzimodzi. Kodi aphunzitsi ake alibe mabuku ena, kapena ndi ulesi?
Kholo lodabwa

YANKHO: Ine ndikuona ngati aphunzitsi amenewo akudziwa chimene akuchita. Ulendo woyamba mwana amatanganidwa ndi kufuna kudziwa kuti zitha bwanji. Ulendo wachiwiri mtima wakhala pansi, ndiye amayamba kumva mawu eniake. Wachitatu amalowerera yekha pa mawu obwerezedwa, ndipo amakonza mphunzitsi akadumpha chiganizo. Kafukufuku wa Elley amene ndatchula pamwambapa, paja nkhani ankaiwerenga katatu.

Muyeseni madzulo ano. Muuzeni kuti inu nkhaniyo simukuidziwa, akufotokozereni. Mvetserani ngati mutuluke mawu amene pakhomo panu simuwagwiritsa ntchito. Akatuluka, dziwani kumene achokera. Mungadandaule pokhapokha teremu yonse itatha ndi buku limodzi.

FUNSO: Mabuku a nkhani amene tili nawo pa sukulu ambiri ndi a Chingerezi, pamene ana anga Chingerezi akungochiyamba. Ndiziwawerengerabe, kapena ndidikire?
Mphunzitsi wa Sitandade 2

YANKHO: Chitani ziwiri. Nkhani zakuya, zofuna kukambirana ndi kutsutsana, ziwerengeni m'chiyankhulo chimene ana amaganizira. Luso lotsatira nkhani, lolosera chotsatira ndi lozindikira chifukwa chimene munthu wachitira chinthu, mwana akalipeza m'chiyankhulo chake amapita nalo ku chiyankhulo china, sayambiranso. Mabuku akasowa, lembani nokha nkhani yaifupi pa pepala lalikulu n'kuiwerenga mukuloza mawu.

Koma achingereziwo asafere m'kabati. Mu 1980 Warwick Elley yemwe uja ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nkhani a Chingerezi pafupifupi 250 ku kalasi lililonse m'sukulu zina zakumidzi ku Fiji, kumene ana Chingerezi sankayankhula kunyumba. M'makalasi ena mphunzitsi ankawerenga limodzi ndi ana n'kumakambirana, m'makalasi ena ana ankawerenga okha chamumtima. Patatha miyezi 8, ana amenewa anapita patsogolo pa kumvetsa zowerenga ndi zomvetsera mowirikiza kawiri poyerekeza ndi liwiro lozolowereka. Amenewo anali ana a makalasi 4 ndi 5, okulirapo kuposa anu, ndiye kwa inu sankhani mabuku a ziganizo zazifupi, zobwerezabwereza, okhala ndi zithunzi zosonyeza zimene zikuchitika.

Musanawerenge, afotokozereni mwachidule m'chiyankhulo chawo kuti nkhaniyi ndi ya ndani ndipo akufuna chiyani, osaulula mathero. Kenako werengani m'Chingerezi, manja ndi nkhope zikuthandiza. Musamasulire chiganizo ndi chiganizo. Mukazolowetsa zimenezo, ana amatseka makutu pa Chingerezi n'kumangodikira kumasulira kwanu. Pokambirana, aloleni ayankhe m'chiyankhulo chimene angathe.

FUNSO: Ine ndili ku Sitandade 5. Ana anga amadziwa kale kuwerenga, choncho ndimawauza aziwerenga mosinthana, ndime imodziimodzi, mzere ndi mzere. Si chimodzimodzi kodi ndi kuwawerengera?
Mphunzitsi wa Sitandade 5

YANKHO: Si chimodzimodzi ayi. Mawa mukachite kaye izi: mwana woyamba akayamba kuwerenga, inu musayang'ane m'buku, yang'anani mwana wachisanu pa mzerewo. Mumupeza akuwerengetsa ndime ndi chala kuti adziwe imene imugwere, kenako akuiloweza chamumtima, milomo ikugwedera. Zimene anzake anayi akuwerenga sakuzimva. Amene wamaliza kale wapumira m'mwamba, maganizo ali panja. Ndipo wovutika uja ikafika nthawi yake, kalasi lonse limamvetsera iye akudodoma, ena akumutchulira mawu asanayese n'komwe. Pa ola lonse palibe amene wamva nkhaniyo ikuwerengedwa bwino kuchokera poyamba mpaka pomaliza.

Kuti ana ayesere kuwerenga mokweza n'kofunika, koma pali njira zabwinopo. Werengani inu ndime poyamba amve mmene imamvekera, pamene mawu amakwera pa funso ndi pamene amapuma pa mpatuliro, kenako abwereze onse pamodzi, kapena awiriawiri, wina akuwerenga mnzake akutsatira ndi chala. Amene mukufuna awerenge pamaso pa kalasi mumuuziretu dzulo lake kuti akakonzekere.

Ndipo kuwawerengera inuyo musasiye chifukwa choti adziwa kuwerenga. Ana a Sitandade 5 ambiri sanafike zaka 13 zija. Sankhani buku lalitali, lovutirapo kuposa limene angawerenge okha, muziwerenga mutu umodzi patsiku. Musamangotenga nthano zokha: nkhani ya mmene phiri lophulika limatulutsira chiphalaphala, kapena mbiri ya munthu amene anatulukira mankhwala, imawapatsa mawu amene adzakumane nawo mu sayansi ndi m'maphunziro ena. Mukamaliza mutu wa tsikulo, bukulo musalitsekere m'kabati. Lisiyeni pa tebulo, ndipo mukonzeretu kapepala kolembapo maina a ofuna kubwereka, apo ayi mudzakhalira kuweruza milandu ya amene analigwira poyamba.